A Kasiyano ndi Chimfine Chawo Choyamba

Papita chaka chiwaikireni m'manda a Kasiyano Phiri, koma Lamulungu lililonse ndikaima pamzere wa besi m'kwaya yathu, phewa langa lakumanzere limapendekerabe pang'ono, kusiyira malo munthu amene kulibe. Ndinaima pambali pawo zaka zambiri m'katchalitchi kathu ka kumudzi, komwe ansembe a ku Guilleme amabwera kudzachita Misa mwa apo ndi apo. Sabata yatha abale awo amanga chiliza. Pamwala sipakwana zambiri koposa dzina ndi mtanda, choncho ndati zotsalazo ndilembe ine.

Anali munthu wamtali, wowonda ngati mzati wa chigafa, wa mawu ochokera pansi pa mimba. Ukawayandikira unkayamba kumva fungo la bulugamu asanakupatse moni, chifukwa m'matumba a jekete yawo simunkasowa masamba a mtengowo. Jeketeyo inali yaifupi manja. Jekete zonse zimene anavalapo zinali zazifupi manja, ndipo anali ndi chifukwa chake chimene ndinena kutsogoloku. Chifuwa chawo chinkalira kamluzu akakwera chitunda, mphatso imene fodya amapatsa anthu amene amutumikira kuyambira ubwana.

Mawu oimbira anali nawo, palibe angatsutse. Koma anali ndi nthenda imodzi imene inatopetsa aphunzitsi onse a kwaya amene anadutsa pathu. Nyimbo yatsopano ankaiyamba bwinobwino, ndime yoyamba n'kuyenda nafe limodzi. Kukafika chapakati maso awo ankatsinzina, mutu n'kupendekera, ndipo besi yawo inkapatuka mwakachetechete n'kulowa m'chuni china chakale chimene palibe wa ife ankachidziwa. Mawu a nyimbo ankatchula omwewo, koma njira inali ina, yodekha, yozungulira ngati kanjira ka m'dambo. Ine amene ndinali pafupi ndinkalimbana kuti asandikoke, ndipo kangapo anandikokadi.

A Zulu, mphunzitsi wa pasukulu amene amatsogolera kwaya masiku ano, ankamenya benchi ndi kandodo. A Kasiyano ankatsegula maso ngati munthu wodzutsidwa kutulo, n'kufunsa mwaulemu ngati apatukanso. Ankapepesa ndi mtima wonse, kenako n'kuchita chimodzimodzi pandime yotsatira. Ankati pakamwa pawo pali ngati ng'ombe ya pangolo, ukangolekerera chingwe imalowera kukhola kwake kwakale. A Zulu anawaopsezapo kuti awachotsa m'kwaya. Palibe anakhulupirira, ngakhale a Zulu eni ake.

Chimfine ankachitchula ngati munthu wodziwana naye. Wina akayetsemula pophunzira nyimbo, iwo ankakweza chala n'kunena kuti mnzawo uja wafika. Nkhani ya chiyambi cha ubwenziwo ankaikamba mwezi wa Juni, tikutsamira khoma la tchalitchi kuothera dzuwa, mphepo ya mwera ikuulutsa mankhusu a chimanga pabwalo. Ankaikamba motsitsa mawu, maso ali kutali, ndipo sinkasintha.

Bambo awo anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kapondo. Chaka china, a Kasiyano ali kamwana kosayamba sukulu, chimfine chachikulu chinalowa m'makomboni. M'nyumba iliyonse munali kutsokomola. Amayi awo, poona kuti m'kanyumba kawo mwadzaza odwala, ananyamula iwo ndi mng'ono wawo n'kukawagoneka pamphasa m'chigafa, pansi pa fodya wopachikidwa. Ankati zimene ankakumbukira si ululu ayi, koma kuwala. Dzuwa linkadontha pakati pa udzu wa denga n'kugwera pamasamba, masambawo n'kumagwedezeka ngati mpingo wa anthu oweramitsa mitu. Mawu a amayi awo ankamveka akuimba chapatali, ngati ali kutsidya kwa dambo, chikhalirecho anali pomwepo, dzanja lili pamphumi pawo. Kenako anadzimva akukwera, opepuka ngati nthenga, mpaka anafika pakati pa masamba aja. Atayang'ana pansi anaona ana awiri pamphasa, ofanana, ndipo sanadziwe kuti abwerere mwa uti. Anabwerera mwa mmodzi. Winayo sanadzukenso.

Akafika pamenepa ankatambasula manja kutionetsa jekete. Ankati n'kutheka kuti anasokoneza, analowa m'thupi la wina n'kusiya lawo, n'chifukwa chake palibe telala anawasokerapo chovala chowakwana. Tinkaseka, iwonso n'kuseka, koma maso awo ankachedwa kubwerera kwa ife.

Kuyambira pamenepo, iwo ankatero, chimfine sichinawagonekenso pamphasa. Chinkangowagwira mphuno ngati moni n'kupitirira. Ankakhulupirira kuti munthu amene anaonana nacho maso ndi maso ali mwana n'kupulumuka, sichimufunanso. Choncho anadzipatsa okha ntchito yozonda odwala m'nyengo yachisanu. Pamene ena ankafunsira pakhomo n'kubwerera, iwo ankalowa mpaka kuchipinda. Ankawiritsa masamba a bulugamu, kumufunditsa wodwala bulangeti pamwamba pa mphika, n'kukhala pamphepete pa mphasa kumuuza kuti asaope, chilombocho amachidziwa. Maliro onse a m'chisanu ankagona nawo, ngakhale a mudzi wachitatu.

Amene sankasangalala ndi ntchitoyi anali akazi awo, aNabanda. Iwo anabadwira kutsidya kwa malire, ku Zambia, ndipo anabwera kuno ndi malonda a zitenje ali mtsikana. Anali aafupi, a liwiro, a pakamwa posachedwa. Mkangano wawo unali umodzi zaka zonse, ndipo oyandikana nawo tinauloweza. A Kasiyano akamachokera kwa odwala, aNabanda ankawaimitsa pampanda, kuwavula jekete n'kuipachika pamsomali, kenako n'kuwathira madzi m'manja ngati mwana. Ankawauza kuti ubwenzi wawo ndi chimfine ndi wa iwo okha, pakuti iwo aNabanda sanapatsidwepo moni. Ankati tsiku lina adzabwera naye m'thumba mlendo ameneyo. A Kasiyano ankayankha kuti galu wamkota sakandira pachabe, n'kulowa m'nyumba akumwetulira, manja akudontha.

Mwana wawo wamkazi, Telezia, ndi namwino pachipatala china ku Lilongwe. Ataona kuti chifuwa cha bambo ake chikunka chilira, ndipo mayi ake awapeza ndi matenda a shuga, anayamba kuwabweretsera katemera wa chimfine chaka chilichonse mwezi wa Meyi, anthu akukumba mtedza. Katemera ameneyu kuno kumudzi sitimuona, ndipo safuna kutentha. Ankamunyamula m'kabokosi kobiriwira kokhala ndi ayezi, pa minibasi, kenako pa kabaza, atakakumbatira pamiyendo ngati khanda. Mudzi wonse unkakadziwa kabokosi ka Telezia. Tikakaona kakudutsa tinkadziwa kuti yakwana nthawi yotulutsa mabulangeti.

ANabanda ankapereka mkono msanga, nkhope atatembenuzira kukhoma. A Kasiyano ankayamba ndi mlandu. Ankafunsa kuti n'chifukwa chiyani mwana akufuna kuwadziwitsa kwa mnzawo wakalekale uja, ndiponso chifukwa chiyani jakisoni wa chaka chatha sakukwanira. Telezia ankawayankha kuti chimfine chimasintha malaya chaka ndi chaka, ndipo mphini yobwereza ndiyo imawala. Akagonja ankagonja ngati mfumu yopereka mphatso, n'kunena kuti akungochitira ulemu ulendo wa mwanayo.

Ndiye kunabwera chaka chija. Onse awiri anabayidwa tsiku limodzi pakhonde, mtedza uli mbwee pabwalo. Mu Julaye chimfine chinafika ndi ukali, ndipo a Kasiyano anayenda nyumba ndi nyumba monga mwa masiku onse. Iwo chinawagwira mphuno n'kuwasiya. ANabanda chinawatsikira m'chifuwa, chinasanduka chibayo, ndipo galimoto imene inawatengera kuchipatala inabwera nawo ali m'bokosi. Pamaliro amenewo a Kasiyano sanaimbe. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, manja ali pamawondo, akuyang'ana msomali wa pampanda.

Anasiya kwaya, anasiya kuzonda odwala. Masamba a m'thumba anauma n'kusanduka fumbi. Tinkapita kukawaona, n'kuwapeza atakhala pakhonde ngati munthu wodikira basi imene sakudziwa ngati idakayendabe. Pophunzira nyimbo zonse zinkayenda, koma a Zulu ankangokwiya popanda chifukwa.

Tsiku limene ndimawakumbukira nalo kwambiri ndi la Meyi wotsatira. A kwaya anandituma kuti ndikawanyengerere abwerere, ndipo ndinawapeza akuthothola mtedza pakhonde. Ndinakhala pansi n'kumawathandiza, pakuti mawu ovuta amatuluka bwino manja akamagwira kanthu. Ndisanafike pamfundo, kabaza anaima pampanda. Telezia anatsika ndi kabokosi kake. Anagwada, anapereka moni, anaika kabokosi pamthunzi, n'kuyamba kusamba m'manja. Bambo ake anamuuza, osakweza mutu, kuti asavutike. Anati mkono wawo sadzauperekanso.

Telezia anawauza kuti ayezi sadikira, akasungunuka mankhwala aonongeka ndipo sangapeze ena chisanu chisanafike. Anawakumbutsa kuti ndi chifuwa chawocho, chimfine chimodzi champhamvu chikhoza kuwatenga. Iwo anati chibwere. Ndinafuna kunyamuka, koma Telezia anandiyang'ana mondipempha kuti ndikhale. Tinakhala atatu, dzuwa likukwera. Kunja kwa kabokosi kunayamba kutuluka thukuta, madontho n'kumatsetsereka mpaka padothi la khonde panada. Nkhuku inabwera, inajompha pamadzipo, n'kuyang'ana kumwamba. Kutali ng'ombe za pangolo zinkalira mabelu, ndipo zonse zinkaoneka ngati zikuchitika pansi pa madzi.

Patapita nthawi a Kasiyano anataya chitsa cha mtedza n'kulankhula.

"Mankhwala amodzi, tsiku limodzi, dzanja lako lomwelo. Nanga bwanji ine ndili pano, amako ali uko? Ine chinandisiya chifukwa chimandidziwa. Amako sichinkawadziwa, ndipo jakisoni wako sanawathandize. Ndiye ntchito yake n'chiyani?"

Telezia sanakwiye. Anawafotokozera pang'onopang'ono, ngati akuyala mphasa. Anati katemera salowa m'nyumba yopanda kanthu, amapeza thupi lili kale ndi zokumbukira zake. Anati pa mbali imodzi bambo ake sankanama: chimfine chimene munthu wakumana nacho koyamba ali mwana chimasiya chidindo chozama kuposa zonse zobwera pambuyo. Katemera akabwera kudzaonetsa thupi nkhope ya chimfine chatsopano, thupi limathamangira kudzutsa asilikali ake akale, amene anaphunzira kumenyana ndi choyamba chija. Ngati cha chaka chimenecho chikufanana ndi chakalecho, munthu amatetezeka kwambiri. Ngati n'cha mtundu wina, asilikali akalewo amamenya mophonya, ndipo atsopano amakhala ochepa. Chitetezo chimakhalapo ndithu, koma chopyapyala. Mayi ake anabadwa zaka zina, dera lina, ndipo mwina anayamba kukumana ndi chimfine china. Pamwamba pa apo panali shuga ndi ukalamba, zimene zimafooketsa thupi poyankha katemera.

Kenako anawayang'ana n'kunena kuti thupi lawo limaimba ngati iwo eni. Ukaliphunzitsa nyimbo yatsopano limayamba bwino, n'kupatukira ku chuni chakale. Koma a Zulu sasiya kuwaphunzitsa, ndipo chaka chilichonse amayenda nafe kamtunda kotalikirapo asanapatuke. Chimfine chimene chinawasiya chaka chatha si chimene chidzabwere chaka chino. Mnzawo uja ali ndi abale ambiri, ndipo ena sanawaonepo a Kasiyano.

Ndinaona pakamwa pawo pakufuna kumwetulira, koma anabweza. Anafunsa funso limene linali pansi pa mafunso onse.

"Ndiye n'chimenecho chinapha amako?"

"Sindikudziwa, Ababa," anatero Telezia. "Palibe anayeza. Zimene ndakuuzanizi n'zimene zimachitika m'matupi a anthu, koma za amayi sindikudziwa. Ndinawabaya ndine, ndi dzanja ili, ndipo ndinawauza kuti asadandaule. Chaka chonsechi ndakhala ndikudzifunsa ngati ayezi anasungunuka panjira, ngati ndinachedwa kubwera, ngati ndikanawatenga kutauni."

A Kasiyano anakweza mutu koyamba tsiku limenelo.

"Iwenso? Ine ndimati ndine ndinachibweretsa m'jekete. Ankandiuza amako."

"Kapena. Icho sindikudziwanso. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindingathe kuika kholo lina m'chisanu chino."

Ananena zimenezi akutsegula kabokosi, ngati wosadziwa chochita ndi manja ake. Ayezi anali atatsala kachidutswa. Anatulutsa katemera uja, koma manja ankanjenjemera kotero kuti sakanatha kubaya ngakhale dzungu. Namwino wa zaka zambiri, wobaya anthu tsiku ndi tsiku, anakhala pansi akulira ngati kamtsikana. Ine ndinayang'ana mtedza, chifukwa nanenso misozi inali itandifika.

A Kasiyano anaimirira. Anavula jekete, anapita kumpanda, anaipachika pamsomali uja okha, n'kubwerera akupinda mkono wa shati. Anakhala pafupi ndi mwana wawo, anagwira dzanja lake lonjenjemera ndi manja awo onse awiri, n'kuyamba kung'ung'udza pansipansi. Chinali chuni chija, chimene chinkatisokoneza m'kwaya zaka zonsezi. Aka kanali koyamba kuchimva chokha, popanda nyimbo ina yolimbana nacho, ndipo chinali chokoma zedi. Chinkakwera pang'ono n'kutsika, ngati munthu akugwedeza mwana kumbuyo. Anang'ung'udza mpaka dzanja lija linakhazikika. Kenako analisiya n'kupereka phewa.

Pondiperekeza, Telezia anandiuza kuti chuni chimenecho ndi chimene bambo ake ankawaimbira iwo ali ana akatentha thupi. Ndi chimene agogo ake ankaimba m'chigafa muja, pamwamba pa ana awiri.

Musaganize kuti a Kasiyano anatembenuka mtima tsiku limenelo. Mpaka kufa kwawo ankanena kuti amabayitsa chifukwa cha mwana, osati chifukwa choopa chimfine. Koma mlandu wa chaka ndi chaka uja unatha. Mwezi wa Meyi ukafika ankachapa shati, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumsewu kuyambira m'mawa. Kuzonda odwala anayambiranso, koma mwa njira ina. Masamba a bulugamu ankawasiya pakhomo, n'kuima pawindo kulankhula ndi wodwala ali panja. Wina akawaseka kuti mnzawo uja ayamba kumuopa, ankayankha kuti mnzawoyo alibe naye mlandu, koma abale ake ndi amene sawakhulupirira.

Kukwaya anabwerera Lamulungu lotsatira, n'kuima pamalo awo ngati anangotuluka kukamwa madzi. A Zulu anangogwedeza mutu. Nyimbo isanafike pakati kandodo kanali katagunda kale benchi, ndipo ndinaona a Zulu akubisa nkhope kuseri kwa dzanja. Mkangano wawo unapitirira zaka zonse zotsala. A Zulu ankati munthu mmodzi sangakoke kwaya yonse kupita nayo kwa makolo ake. A Kasiyano ankati akuyesetsa, ndipo chaka chino afika patali kuposa chaka chatha. Zinali zoona. Nyimbo zina ankafika nazo mpaka ndime yomaliza, n'kudzapatuka pakhomo penipeni.

Anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kulibe ndi mmodzi yemwe woyetsemula m'mudzi monse. Anadya masana, anakakhala pansi pa mango, anatsamira thunthu n'kutsinzina. Amene anawapeza anati mutu unali utapendekera monga ankachitira akamapatuka m'nyimbo. Pamaliro anthu anagawikana. Ena ankati madala ananena zoona, chimfine chinasunga pangano mpaka mapeto. Ena ankati ndi kabokosi ka Telezia kamene kanawaolotsa zisanu zonse zija. Telezia atafunsidwa anati mwina zonse ziwiri, pakuti m'thupi la bambo ake zakale ndi zatsopano zinkagona mphasa imodzi.

Meyi wapitayu tinakaonanso kabokosi kakudutsa pa kabaza. Telezia anati anaitanitsa katemera, anakonza ayezi, anakwera minibasi, ndipo anali atadutsa kale theka la ulendo pamene anakumbukira kuti kulibe womudikira. Sanatsike. Anafika, anabaya agogo ena oyandikana nawo amene ali ndi chifuwa, kenako anakakhala pakhonde la bambo ake mpaka dzuwa linapendeka.

Nyumbayo tsopano ndi yotseka. Pakhonde pamera kaudzu m'ming'alu, ndipo nkhuku za eni ake ena zimasamba fumbi pamene ankathotholera mtedza. Msomali uja ukadali pampanda, wachita dzimbiri, ndipo palibe wapachikapo kanthu. Mtengo wa bulugamu wa kuseri ukungotaya masamba pansi, mphepo n'kumawakankhira kukhomo ngati kuti wina awasiyira wodwala.

Pa Misa ya chiliza, a Zulu anatiphunzitsa nyimbo yatsopano. Tinaiyamba bwino. Titafika chapakati, ndinaona dzanja lawo likukweza kandodo lokha, maso atatembenukira kumanzere kwanga, kudikira. Nanenso ndinali nditalimbitsa kale mawu kuti asandikoke. Panalibe wokoka. Kandodo kanakhala m'mwamba mpaka ndime inatha, kenako a Zulu anakatsitsa pang'onopang'ono osagunda benchi. Tinaimba nyimbo yonse molondola kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo sinakome ngakhale pang'ono.